Ndinatsegula Chipata cha Olipira

Amagasaki,
9 Novembala

Okondedwa achemwali Michiru,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Kagoshima. Mbatata munatumiza zija ndinalandira, ndipo ndikuotcha imodziimodzi kuti zisathe msanga.

Pali nkhani imene ndakhala nayo sabata yathunthu, ndipo ndasankha kuilemba kuti mayi asaimve.

Mukudziwa kuti kupaki yamasewera kuja ndimaima pa tibwato toyenda m'phanga. Zipata zake ndi ziwiri. China n'cha aliyense, komwe munthu amaima pamzere maola awiri, china n'cha amene awonjezera ndalama zokwana mayeni zikwi zisanu ndi zitatu, omwe amangoonetsa foni pamakina n'kulowa. Ine ntchito yanga inali kumwetulira onse mofanana.

Loweruka la sabata yatha ndinaona agogo awiri pakati pa mzere wautaliwo, aamuna atagwira dzanja la akazi awo. Aakaziwo ankangofunsa, "Kodi tikudikira basi?" Kenako anayamba kulira. Ndinapita pomwepo.

"Agogo, bwanji mupume kaye pabenchi apo?"

"Tikachoka tiyambiranso kumbuyo, mwanangu," anatero aamunawo, a Kuwabara. "Mayi anuwa anayamba kuiwala. Dzina langa limawathawa, koma nyimbo ya m'tibwatomu amaiimba yonse. Tinkabwera ndi ana athu kalekale. Ndine wapenshoni ine, matikiti olowera okha andimaliza."

Achemwali, khadi lolowetsa odwala osaima pamzere lilipo, koma limafuna kalata ya dokotala ndi ulendo wobwerera kuofesi ya kuchipata chachikulu. Agogowo sakanafikako. Ndinamasula chingwe n'kuwalowetsa kwa olipira.

Bambo wina amene anali pamenepo ndi tiatsikana take tiwiri anakwiya.

"Mayi, makinawo sanalire. Alipira amenewa?"

"Pepani bambo, akudwala."

"Ndiye ine ndalama ndimachita kuthyola mumtengo? Miyezi itatu ndakhala ndikudya mpunga ndi dzira lokha kuti anawa asaime pamzere. Mukanatiuza kuti kulira n'kokwanira, tikanalira tonse atatu!"

Anthu anaseka, ena anayamba kundijambula. Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti nsapato za bamboyo zinali zong'ambika kutsogolo. Sanali munthu woipa, ndipo sankanama.

Tibwato titatuluka m'phanga, agogo aakazi aja anali akuimba mokweza, akuwomba m'manja, tsitsi litanyowa. Podutsa pa ine anandifunsa mwaulemu kuti ndine ndani. A Kuwabara anangowerama mpaka chipewa chinagwa.

Lolemba anandiitana a Tokunaga, kapitawo wathu. Anandiwerengera lamulo osandiyang'ana, kenako anatsitsa mawu. "Nozomi, ukatsegulira mmodzi, mawa abwera zana, aliyense ndi nkhani yake yoona. Udzasankha ndani?" Funso limenelo mpaka lero likundivuta. Ntchito sanandichotse, koma andisamutsira koimika magalimoto ndipo maola andidulira. Tsiku lonse ndimangolozera madalaivala ndi ndodo yofiira, mphepo ya kunyanja ikundiluma makutu. Ngati mpango wabuluu uja udakali m'kabati, chonde nditumizireni.

Kwa Koharu, mwana wanu, ndinalonjeza kuti pa Chaka Chatsopano ndidzamulowetsa pachipata cha olipira ngati mwana wa bwana. Muuzeni kuti azakhali sanaiwale. Tidzapita ndithu, koma tidzaima pamzere ndi anthu onse, ndiye adzavale zofunda. Akakhumudwa, musamukalipire.

Moni kwa alamu. Moni kwa mayi, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo ndidakali pa tibwato. Koma achemwali, chimene chinandimasulitsa chingwe chija si chifundo chokha ayi. Mwezi watha pafoni mayi anandiitana dzina lanu katatu, anandifunsanso ngati bambo abwerako kudoko, chonsecho tinawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Inu munaseka msanga n'kusintha nkhani. Ine ndakuuzani zanga zonse. Ngati pali chimene mukusenza nokha, ndilembereni zoona, ndibwere mayi akadali kundizindikira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Nozomi