Thabwa la Robledo Pakati pa Nzimbe

Ingham, Queensland
Okutobala 1961

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukulolani kuyenda, poti kuzizira kwayamba? Ife tili bwino, kungoti manja a mwamuna wanga Evaristo ali matuza okhaokha ndi kudula nzimbe.

Bambo, khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Lamlungu lina tikuchokera ku Misa, galimoto imene tinakwera inafera panjira. Tikudikira kuti aikonze, ndinaona thabwa pachipata cha munda wina lolembedwa kuti ROBLEDO. Dzina la mudzi wathu, dzina lanu ndi langa, kuno kwa eni! Evaristo anandiseka kuti a Robledo tili ngati nyerere, sitisowa paliponse. Ine ndinalowabe.

Pakhonde panali bambo wina wokalamba, wowonda, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Nditatchula dzina langa ndi lanu, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiwedi wa Saturnino. Nanga mphuno yoipayo ukanaitenga kuti?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako analira.

Ndi ang'ono anu a Casimiro, Bambo, amene munauzidwa kuti anamira ndi sitima ine ndisanabadwe. Sitimayo inawasiya padoko, iwo n'kukwera ina. Akuti zaka zoyamba anasauka kwambiri moti anachita manyazi kulemba, ndipo pomwe ankapeza mundawu anaona ngati achedwa kale. Sanakwatire, amakhala okha.

Chifuwa chawagwira koopsa, ndipo dokotala akuti mwina safika Khirisimasi. Ndimapitako kukawaphikira nyemba za soseji, ngakhale amadya pang'ono. Zachipatala safuna n'kumva komwe. Amangofunsa za inu, ngati tsitsi likadalipo, ngati makani aja munasiya. Ndinawauza kuti tsitsi ndiye linatha.

Pempho langa ndi limodzi. Alembereni, ngakhale mizere iwiri yokha. Ndikudziwa kuti mukwiya, poti munawalira zaka zonsezi iwo ali moyo. Kwiyani m'kalata momwemo, akuti alandira. Koma muitumize pandege, Bambo, chifukwa yapasitima mwina sidzawapeza.

Mupereke moni kwa Amayi, kwa achimwene a Fermín ndi alamu anga, ndiponso kwa azakhali a Remedios. Azakhaliwo muwauze pang'onopang'ono, mtima wawo mukuudziwa. Evaristo akuti moni, ndipo bambo aang'ono akuti moni wawo aperekabe okha mukawayankha.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Amparo