Mazira Osukusa M'chipinda cha Agulugufe

Lolemba, 3 Marichi
Mabokosi asanu ndi limodzi, anayi mazira ake asukusa. Agulugufe ausikuwa ndawaweta kuyambira ndisanapume ntchito ku labotale, ndipo sanandichitepo chipongwe chotere. A ku labotale akufuna mbozi kumapeto kwa mwezi. Zikapanda kupezeka, ntchitoyi apatsa wina. Alipo amene akulowa m'chipinda chomwe ndimawawetera.

Lachiwiri, 4 Marichi
Makiyi ndi awiri, wanga ndi wa pamsomali kukhitchini. Mpongozi, mkazi wa mwana wanga, akuti sapondamo, tizilombo timamunyansa. Amayankha maso ali m'sinki. Botolo la mankhwala a mphemvu ndalilemba mzere pomwe alekezera.

Lachinayi, 6 Marichi
Mankhwala sanatsike. Ndiye si amenewo.

Agulugufe aakazi akuikira bwinobwino. Vuto lili kwa aamuna, si zachilendo. Ndang'amba atatu pa maikulosikopu dzuwa litalowa. Nthawi imeneyo umuna umakhala utatsikira m'kanjira kake, chifukwa maselo a pamenepo ali ndi wotchi yawoyawo: kukamada amatsegula, pakapita maola amatsekanso. Onse atatu tinjira tili mbee. Zotere ndinaziona kale kuntchito, wina atasiya getsi likuyaka usana ndi usiku, wotchi ija n'kusokonekera. Koma kuno getsi ndimazimitsa ndi dzanja langali.

Lachisanu, 7 Marichi
Mwana wanga patebulo akuti nditaye "azibwenzi" angawo, chipindacho aikemo wa lendi. Anaseka yekha. Mkazi wake sanadye, anangotembenuza supuni. Ndi mwanayu kodi? Kapena agwirizana? Ndawaza ufa pang'ono pakhomo la chipindacho.

Loweruka, 8 Marichi
Mapazi pa ufa. Aang'ono, opanda nsapato, olowa ndi otuluka. Babu m'mawa linali lotentha. Kuseri kwa mabokosi kuli pilo ndi bulangete lopinda mwaluso, kupinda kwa mpongozi. Tsiku lonse wandipatsa moni mogwada, ine n'kumayankha ngati sindikudziwa kanthu. Mawa.

Lamlungu, 9 Marichi
Mpongozi ndinamupeza kutangocha, akupinda bulangete, getsi likuyaka. Ndinamufunsa kuti wayamba liti kugona muno, akuti pafupifupi mwezi. Zikugwirizana ndi mazira. Ndinamuuza zonse, za maselo, za labotale, za ntchito yanga yomwe akundiphera, mawu atakwera kale. Anangonyamula pilo, nsalu n'kutsetsereka paphewa.

"Mumdima tizilomboti ndimatiopa, amayi. Koma kuchipinda kwa mwana wanu kuja ndiye sindingagoneko."

Ndinayamba kuwerenga mikwingwirima ya pamkono pake. Ndinalekera panjira.

Getsi ndazimitsa. Pilo ndi bulangete zili pabedi langa, mwini wake wagona chakukhoma, nsapato zake ndalowetsa. Mwana wanga wagogoda, akufunsa ngati ndamuona mkazi wake, akuti tiyi mpaka pano sanafike.

Ndamuuza akhale pansi pabalaza, ndikubwera.