Muzu umene Che Lajabu sanalawe

LOLEMBA

Tatu 09:12
ndiye amayi Mervis mwaganiza bwanji za video ija? ndi ka 2 minutes basi, mungonena kuti mankhwala a ababa anakuthandizani

Tatu 09:13
a Dickson aku company akufuna anthu 5 omwe anachira m'manja mwa ababa. ndapeza 4, wa 5 ndinu

Tatu 09:13
ndibwera ndekha ku Nguludi musavutike ndi transport

Tatu 11:40
amayi? ikuonetsatu kuti mwawerenga kkk

Mervis 13:05
Ndaona Tatu. ndinali kudimba

Mervis 13:07
kampaniyo ikufuna kutani ndi mankhwala a Che Lajabu

Tatu 13:11
🎤 0:52 Amayi, ndi company ya mankhwala azitsamba kuno ku Limbe. Akufuna aziika m'mabotolo mankhwala aja ababa ankatchuka nawo, azigulitsa m'masitolo dziko lonse. Pa label pakhala nkhope ya ababa atavala kofia, ndaiona kale, ili bwino zedi. Ineyo akundilemba ntchito, ofesi yangayanga. Mukudziwa zaka six ndili ndi certificate ya natural medicine koma ndikungokulunga mizu m'manyuzipepala pa benchi kumsika, mvula ikandipeza ndi yanga. Ndisaina Lachisanu 10 koloko. Mundithandize, amayi.

Mervis 13:30
ndi a chifuwa cha ana aja

Tatu 13:30
omwewo!

Tatu 13:34
ndinaganiza za inu poyambirira. Idi iliyonse ababa ankapalasa njinga kuchoka ku Kadewere mpaka kwanu ndi mpunga ndi shuga. ife tinkaseka kuti mwina ndinu amayi athu aang'ono kkkk

Tatu 15:52
ndangocheza amayi musakwiye

Tatu 17:20
amayi

LACHIWIRI

Mervis 06:48
Tatu sindijambulitsa

Tatu 06:50
eee bwanji? ndi manyazi? mutha kungolankhula nkhope osaoneka

Mervis 07:02
mizuyo akukumba ndani

Tatu 07:04
anthu akumudzi. ndinawaonetsa chitsamba chake, amakumba nkugulitsa pa thumba. company imayanika nkugaya

Mervis 07:05
akulawa ndani

Tatu 07:05
kulawa? kkk amayi iyi ndi company, ali ndi lab

Mervis 07:09
unawaonapo ababa ako akumwetsa munthu asanalawe okha

Tatu 07:11
ayi. koma zija zinali zongoonetsa odwala kuti mulibe chiphe, mwambo chabe. ku course anatiuza kuti si hygiene

Mervis 07:40
uli pamalo poti ungamvere wekha?

Tatu 07:41
eya ndili pa benchi customer sanayambe

Mervis 07:58
🎤 1:47 Mwana wanga, ine si munthu amene ndinachira kwa ababa ako. Ndimvere mpaka kumapeto. Chinali chaka cha chilala, 1992, chija tinkadya chimanga chachikasu. Iwe unali usanabadwe. Ine ndinali ndi mnyamata wanga, Nikodemo, wa zaka zinayi. Anadwala chifuwa, chija chokoka mtima. Chipatala chili pompa, pageti pake ndinadutsa ndi miyendo yangayi, mlandu umenewo ndi wanga, sindimpatsa munthu. Koma Che Lajabu anali atachiritsa mwana wanga woyamba, ndiye ndinati ndipite konko. Mlamu anatikweza panjinga. Titafika anatenga khasu n'kulowa m'tchire. Chaka chimenecho tchire linali ndodo zokhazokha, tsamba lililonse mbuzi zinali zitabudula. Anabwera ndi muzu, anawiritsa, anathira m'kapu yamalata. Anaikweza kapuyo mpaka pamlomo pawo, ndikuona ndi maso angawa. Ndiye anaima. Anaseka pang'ono, amvekere, ndaiwala, lero ndafunga, ndikusala kudya. Unali mwezi wa Ramadani, ngati unowu. Basi anandipatsa ine kapuyo.

Mervis 08:03
🎤 1:10 Ndinamumwetsa ndine. Sanavute. Anati amayi akutsekemera. Ine mpaka kusangalala, poti woyamba uja tinkachita kumugwira anthu awiri chifukwa cha kuwawa. Pobwerera ali kumsana anati amayi mkamwa mukulemera. Ndinati gona. Kenako anati lilime langa kulibe. Ndinamuseka, Tatu. Ndinamuseka. Pofika pamtsinje mlamu anaimitsa njinga kuti timwe madzi. Ndinamasula nsalu. Basi.

Mervis 08:04
anthu anati ndi chifuwa. nanenso ndinati ndi chifuwa

Tatu 08:15
📞 kuimba, sanayankhe

Tatu 08:16
📞 kuimba, sanayankhe

Mervis 08:19
sindingathe kuyankha. lemba

Tatu 08:21
pepani kwambiri amayi sindinkadziwa kuti munali ndi mwana wina

Tatu 08:22
koma chifuwa chija chimapha chokha. tinaphunzira. simunganene kuti ndi mankhwala

Mervis 08:25
sindinanene ndine. ananena ndi ababa ako

Mervis 08:37
🎤 1:31 Idi ya chaka chomwecho anabwera ndi mpunga. Anakhala pakhonde, osalankhula, n'kumapita. Chaka chinacho chimodzimodzi. Ine ndinkati ndi munthu wachifundo chabe. Zaka makumi awiri ndi zinayi akukhala pakhonde langa ngati mlonda. Chaka chomaliza chija, atayamba kale kutupa miyendo, ndiye anatsegula pakamwa. Akuti zitsambazo zilipo ziwiri, zimamera pamodzi, mizu yake ngakhale mwini wake sangaisiyanitse ndi maso. Umasiyanitsa ndi tsamba, tsamba likasowa umasiyanitsa ndi lilime. Wabwino umawawa. Winawo umayamba kutsekemera kenako lilime limachita dzanzi. Akuti tsiku lija dzuwa litalowa, atamasula kufunga, analawa zotsala mumphika. Anathamanga wapansi kutitsatira, anakumana ndi anthu akupita kukanena maliro. Ndipo akuti patapita zaka anafunsa shehe, osatchula nkhani. Shehe anati kulawa n'kulavula sikuononga kufunga. Apo ndiye bambo wamkulu uja analira pakhonde panga. Akanangolawa n'kulavula.

Tatu 08:50
ayi

Tatu 08:50
ababa anachiritsa anthu mazanamazana

Mervis 08:52
eya. ndi woyamba wanga yemwe

Tatu 08:53
ndiye munadikira amwalire kuti muzinena izi? sangadziyankhire

Tatu 08:53
bwanji simunanene kale

Mervis 09:10
ndinalonjeza kuti ana awo sadzamva kwa ine. ndaphwanya lero chifukwa wati palibe akulawa

Mervis 12:44
Tatu

Mervis 16:30
ukhoza kundida. koma ufunse za lab yo

LACHITATU

Tatu 10:02
dzulo ndinalankhula mwamwano. pepani

Tatu 10:05
ndakumbukira. Ramadani iliyonse ababa ankakana kupereka mankhwala a ana. ankati mitengo ikupuma mwezi uno. ine ndinalemba mu project yanga kuti ndi indigenous knowledge, anandipatsa distinction

Tatu 10:06
komanso sankalola wina aliyense kukumba muzu umenewu ngakhale achimwene. ine anangondionetsa tsamba. za winawo sanandiuze

Mervis 10:20
akanakuuza ukanafunsa kuti anadziwa bwanji

Tatu 10:24
label ija ndinaiika pa wallpaper. mmawa uno ndaichotsa. akumwetulira koma maso ali pena, sindinkaona kale

Tatu 11:47
ndawalembera a Dickson. onani yankho

Tatu 11:47
↪ kuchokera kwa Dickson: Sister Tatu nkhani za 1992 tizisiye, no record no case. Lab imaona nkhungu, dothi ndi moisture, ndi zomwe zimafunika. Tagula kale matumba 40. Friday 10am pls. Post yi akuifuna anthu ambiri

Tatu 11:49
nkhungu ndi dothi basi amayi. ndipo mizu imabwera yodula kale, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe

Mervis 12:01
anagaya kale?

Tatu 12:01
ayi akudikira ndisaine

Tatu 12:15
mwina anthu aja anakumba bwino. chaka chino masamba alipo, si 92

Tatu 12:16
ndinawaonetsa bwinobwino

Tatu 12:30
ndiuzeni kuti mwina zili bho

Mervis 12:48
munthu wokumba kuti thumba lidzale sayang'ana kumwamba

Tatu 12:55
zaka six amayi. achemwali anga anagula kale nsalu yoti adzavale pa launch

Mervis 13:20
ndikudziwa mwana wanga

LACHINAYI

Tatu 09:31
ndili ku store room ya company. ndanama kuti ndikufuna sample

Tatu 09:32
ndafunga lero

Mervis 09:33
ulavule. usameze malovu

Tatu 09:44
thumba 1 kuwawa

Tatu 09:51
2, 3 kuwawa

Tatu 10:10
mpaka 8 yonse kuwawa. misozi ikutuluka koma ndikuseka ndekha. mwina tadandaula pachabe

Mervis 10:11
ukulawa ingati pa thumba

Tatu 10:11
umodzi

Tatu 10:12
ok ndamva

Tatu 10:29
ndabwerera ku thumba 3. ndapisa pansi

Tatu 10:33
amayi

Tatu 10:33
uwu ukutsekemera

Mervis 10:33
LAVULA

Mervis 10:34
📞 kuimba, sanayankhe

Mervis 10:35
Tatu lavula tsuka mkamwa

Mervis 10:38
📞 kuimba, sanayankhe

Mervis 10:41
yankha mwanawe

Tatu 10:52
🎤 0:21 Ndili bwino, amayi. Ndalavula, ndatsuka. Mukumva mmene ndikulankhuliramu, lilime lili ngati la munthu wina. Kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga. Mwana wanu uja anamwa kapu yonse.

Mervis 10:58
khala pansi kaye. likapanda kubwerera pita kuchipatala usachedwe

Tatu 11:06
ndauika pambali pa wabwino. ndayang'ana, ndanunkhiza, ndakanda khungwa. ndi chimodzimodzi. ine wa certificate sindikuona kusiyana

Tatu 12:40
a Dickson abwera. ndawapatsa kuti alawe okha, akana

Tatu 12:41
↪ kuchokera kwa Dickson: Fine titaya thumba 3, case closed. Zikagayidwa pamodzi pang'ono ngati apo sipangamveke. Musaononge dzina la bambo anu ndi tsogolo lanu chifukwa cha muzu umodzi. Mawa 10

Tatu 12:44
thumba 3 lomwelo ndinali nditalemba kale kuti lili bwino

Mervis 13:02
ukapanda kusaina asiya?

Tatu 13:05
ayi. chitsamba akuchidziwa kale, ndinawaonetsa ndine. angochotsa nkhope ya ababa nkuika dzina lina

Tatu 13:06
pokhapokha nditakanena ku bungwe loona za mankhwala. koma akandifunsa kuti ndadziwa bwanji kuti umapha

Tatu 13:30
achimwene akamva andichotsa pamtundu. ku Kadewere anthu amapitabe kumanda a ababa kukathokoza

Tatu 15:10
mukanakhala inu mukanatani

Mervis 15:45
ine ndinakhala chete zaka zitatu chidziwireni. usandifunse ine

LACHISANU

Tatu 09:58
foni ikungolira. ndi a Dickson

Tatu 10:00
sindili ku Limbe. ndili pa benchi ya ku bungwe kuja, mizu iwiri ili mu envelope

Tatu 10:26
↪ kuchokera kwa Dickson: Offer withdrawn. Ndipo mu industry muno timadziwana tonse, muzidziwa

Tatu 10:27
basi ntchito yatha ndisanaione ofesi yake

Mervis 10:31
lilime labwerera?

Tatu 10:31
labwerera

Tatu 11:14
andipatsa form. akuti akaimitsa kugaya lero lomwe ngati pali umboni woti muzuwo unavulazapo munthu, apo ayi zidikira ma test, mwina miyezi

Tatu 11:15
pali mzere wa dzina la sing'anga. ndalemba ndekha. Lajabu. cholembera chaboola pepala

Tatu 11:17
mzere winawo ndi wa wodwala. umenewo si wanga amayi. mukakana ndiusiya, sindikudandaulani

Tatu 11:40
amayi, ofesiyi akutseka 12, ndi Lachisanu

Mervis 11:49
🎤 0:26 Ndinali kumanda, mwana wanga, ndimafuna ndimuuze kaye mwini wake. Mnyamata ameneyu sanalembedwepo paliponse. Sukulu sanayambe, kuchipatala sindinafike naye, mtanda wake chiswe chinadya kalekale. Lemba.

Mervis 11:50
Nikodemo. zaka zinayi. ulembe zooneka bwino