Adokotala Aletsa Kubereka

Lachiwiri, 4 Malichi

Kunyumba tsopano. Bedi langalanga, koma kugonapo kwake kwachilendo. Potembenuka mapewa ndi chiuno zipitire limodzi ngati chipika, anatero anamwino. Bala la opaleshoni lili kumunsi kwa msana, sindinalione. Bambo ake mwana akuti n'lalitali ngati chala. Chala cha ndani? Zawo n'zikuluzikulu.

Mwendo wakumanzere wasiya kuwotcha. Chaka chathunthu ndikuukoka, lero zii. Apo pokha ndayamika.

Malamulo a adokotala: osawerama, osapotokola thupi, osanyamula cholemera kuposa ketulo. Ndinafunsa za mwana. "Mayi, musabereke. Ngakhale kumunyamula ayi, mpaka ine nditanena." Mwina miyezi itatu, akutero.

Nkhupakupa wanga sanakwane n'chaka ndi theka chomwe. Dzinalo tinamupatsa chifukwa chibadwire sachoka pamsana. Ndikulowa pakhomo anandithamangira, timanja m'mwamba. Ine chilili, manja m'mbali. Anadikira, kenako anayamba kulira. Mlamu, mchemwali wa bambo ake amene wabwera kudzathandiza, ndiye anamunyamula. Ndakalirira kubafa.

Lachisanu, 7 Malichi

Zinthu zonse za m'nyumba muno zimakhala pansi, sindinkadziwa. Chipeso chagwa m'mawa, chikadali pomwepo, chikundiyang'ana. Sopo. Patapata imodzi kunsi kwa bedi. Mwana.

Kuyenda: kuchipinda, pabalaza, pakhonde, kubwerera. Kukhala pampando pang'ono, msana wadandaula. Kugona, mtima wadandaula. Kudzukanso. Makina anga osokera ali pakona, ofunditsidwa nsalu. Ndawavundukula, ndawafunditsanso. Mayi wa diresi lobiriwira waimba foni kawiri, sindinayankhe. Ndimuuze kuti telala wake nayenso wasokedwa?

Mlamu ndi mwana wabwino, ndisaname. Koma kamangidwe kake ka nsalu! Mfundo pakati pa chifuwa, miyendo ya mwana lendelende. Ndamuuza kamodzi, kawiri ndadziluma lilime. Wopempha sakwiya.

Lachitatu, 12 Malichi

Achotsa ulusi. Kasokedwe si koipa, bambo ake anandijambulira pafoni. Ine ndikanawongola pang'ono kumapetoko.

Ndafika pageti ndekha. Phazi likadali ladzanzi kuzala, akuti limachedwa kudzuka.

Nkhupakupa sagona pokhapokha pamsana, ndipo msana uli m'nyumba muno ndi wa mlamu. Bere anasiya ndili kuchipatala. Ndiye kwa ine adzerenji? Lero wagwa pakhonde, wandidutsa apa pamiyendo panga penipeni, wapitirira kukagwira siketi ya mlamu. "Mama," akutero. Mlamu anachita manyazi, nati, "Amatero kwa aliyense, alamu, ngakhale kwa mphaka." Bodza lachifundo. Nsanje yandigwira, nsanje yeniyeni, pa mtsikana amene akundichapira zovala zamkati.

Lamlungu, 16 Malichi

Apongozi afika osanena. Chikwama chachikulu, nkhope yamaliro. Andigwira dzanja nthawi yaitali, maso pansi. "Pepani, mwananga. Wopatsa ndi Mulungu. Ena alibe ndi mmodzi yemwe." Ine ndimvekere zikomo, osadziwa chomwe akundipepesera. Mwendo wachira, munthu ndikuyenda.

Tsiku lonse maso awo pa mwana. Asakwere pampando, asatuluke, asadye chozizira. "Ndi yekhayutu, tisamale." Yekha bwanji?

Lolemba, 17 Malichi

Zadziwika. Bambo ake anawaimbira foni amayi awo tsiku la opaleshoni, nawauza kuti adokotala aletsa kubereka. Basi, anathera pomwepo, mayunitsi amawaumira. Apongozi anamva kubereka kwinako, kwa mimba. Akhala milungu iwiri akulira, auza azilongo awo, auza a kutchalitchi. Akuti amayi ena anasala kudya chifukwa cha chiberekero changa, chimene chilibe mlandu uliwonse.

Kuseka kumapweteka bala, ndaphunzira lero. Ndinagwira khoma misozi ili chuchuchu. Apongozi anamenya mwana wawo ndi mpango, bambo wandevu zake. "Pakamwa ponsepa kulephera kunena kuti pamsana?"

Koma kuseka kutatha, chimene anabwerera sichinathe. Mlamu abwerera kusukulu kumayambiriro a mwezi wa mawa. Bambo ake amachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa. Apongozi sangakhalitse, ali ndi odwala awo kwawo. Ndiye akuti amutenge Nkhupakupa, akakhale naye mpaka ndichire. Bambo ake avomera. "Miyezi iwiri yokha, mayi a mwana." Yokha! Panopa ndili naye nyumba imodzi akundipitirira. Akapita miyezi iwiri adzandipatsa moni wa alendo.

Lachisanu, 21 Malichi

Sindikukhazikika. Ndayenda mpaka pagolosale ya pakona, kubwerera, kupitanso osagula kanthu. Mwini golosale wandifunsa ngati ndataya chinthu.

Ndayesa kumunyengerera mwana ndi mabatani a m'chitini changa. Watola lofiira, wapita nalo kwa agogo ake.

Ketulo ndikunyamula bwinobwino. Iyeyu angapose ketulo ndi zingati?

Lachinayi, 27 Malichi

Sindinalembe. Loweruka ndinachita zopusa. Onse ali panja kuyanika zovala, mwana analira pakhomo la kuchipinda, ine n'kuwerama kuti ndimutole. Sindinafike n'kumukweza komwe. Moto kuchokera m'chiuno mpaka m'bondo. Ndinagwira chitseko.

Masiku awiri chigonere, mantha okhaokha. Ndang'amba zimene anakonza? Kuchipatala andipima, akuti ndi mnofu chabe wakokeka, mkati muli bwino. Adokotala sanakalipe, bola akanakalipa. "Mukafuna kudzamubereka chaka chamawa, musiyeni chaka chino." Chaka! Kenako anati akungondiopseza, miyezi itatu ija ikadali yomweyo, ndikamvera.

Apongozi angoyamba kuchapa timalaya ta mwana n'kumapinda. Ndawapatsa ndekha umboni.

Lachiwiri, 1 Epulo

Tsiku loyamba la mafizo, zolimbitsa thupi za kuchipatala. Mayi wa mafizoyo ndi wamfupi, wolankhula mofulumira. Kumangitsa mimba, kukweza bondo, kupuma. Zinthu zochepa, thukuta ngati ndalima. Makina osokera akuti ndiyambe mwezi wamawa, pang'onopang'ono, ndizidzuka pafupipafupi.

Ndinamuuza za mwana. Iye sanandipepese. Anandigwiritsa mpando, nandionetsa kutsika ndi bondo limodzi, kenako linalo, msana uli chiwongokere, mpaka pansi. Kudzukanso chimodzimodzi. "Mwana sangakwere kwa inu, ndiye inuyo tsikirani kwa iye. Pansi palibe amene anakuletsani."

Ndayeserera madzulo onse kuchipinda, chitseko chotseka. Tsika, dzuka, tsika, dzuka. Maondo akuda bii.

Mlamu wapita lero. Pochoka analira kuposa mwana. Ndamusokera kachikwama ndi manja, chiimirire. Ndimamukonda, nsanje ndi nsanje basi.

Lachisanu, 4 Epulo

Basi ya apongozi ndi mawa m'mawa. Chikwama cha mwana chili kale pakhomo, nsapato zake pamwamba.

Masana tulo tinamugwira mwana, kulira kwake kuja kokoka khutu. Amafuna mlamu. Apongozi anatenga nsalu kuti amubereke, iye kukana, kudziponya chagada. Ndinati amayi, tandibwerekani nsaluyo. Anandiyang'ana moopa. Ndinati sindinyamula munthu, onani.

Tinakokera matiresi pansi, iwo ndiwo anakoka. Ndinayala nsalu, n'kutsika monga anandiphunzitsira, n'kugona chammbali, pilo pakati pa maondo, nkhope kukhoma. Msana ndinausiya poyera. Sindinamuitane. Ndinangoyamba kung'ung'udza kanyimbo kathu kopanda mawu, kamene ndinkaimba ndikupalasa makina iye ali kumbuyo.

Kulira kunachepa. Ndinamva timapazi pamatiresi. Kadzanja pa phewa. Kenako kamimba kotentha kanagunda msana wanga, pamwamba pa bala, mwendo umodzi n'kuuponya m'chiuno mwanga monga amachitira. Apongozi anagwada, nakokera nsalu pa tonse awiri, n'kundipatsa nsonga. Mfundo ndamanga ndekha, pambali, pamene imayenera kukhala.

Wagona. Apongozi anaima pakhomo nthawi yaitali, manja m'chiuno. "Koma ndiye ndaona zinthu. Kubereka chogona! Nanga mawa ndinyamule nonse awiri?" Anapita kukhitchini, ndikumva akutsuka mbale zotsukatsuka kale. Chikwama sanachisunthe, komanso sanachitseke.

Kope ndi cholembera andipatsira iwo omwe, ndikulemba chammbali, zilembo zokhotakhota. Mkodzo wandigwira. Phewa lachita dzanzi. Wa mafizo anati ndisakhalitse malo amodzi, ndizidzuka, ndiziyenda. Mwezi wathunthu ndakhala ndikuzungulira nyumba ino osapeza pokhala. Lero adikire. Malovu a mwana anyowetsa bulauzi yanga, kampweya kali pakhosi panga, ndipo ndikangosuntha pang'ono kadzanja kakukoka kolala, ndiye ine sindidzuka.