Mbaula m'chipinda cha amayi

Lachinayi, mwezi wa Juni, kuno ku Katowo. Lero tsiku landilemera.

Amayi tabwera nawo kuchokera kuchipatala, akupezako bwino. Ine ndiye mtima sukukhazikika.

Chifikireni kuchokera ku Nsanje kudzandiona, akhala akudandaula kuti mphepo ya ku Nyika ikuwalowa m'mafupa. Dzulo ndinatseka ndi masanza timabowo tolowera mpweya pamwamba pa zenera, n'kuwaikira mbaula m'chipinda makala asanayake bwino. Anyagondwe, oyandikana nawo nyumba, anandiona ndikuilowetsa.

"Aphunzitsi, makala amapha m'nyumba yotseka," anatero.

Ndinangowathokoza m'Chitumbuka kuti yewo, chamumtima ndikuti asandiphunzitse kusamala mayi anga.

M'mawa ndawapeza akusanza, mutu ukuwawawa, miyendo yosalimba. Amene athamangira galimoto ndi Anyagondwe omwewo, ndipo sanandikumbutse kanthu.

Adokotala atafunsa mmene anagonera, amayi ayankha monyadira, "Mwana wangayu amandikonda. Anatseka paliponse kuti ndisazizidwe."

Adokotala angondiyang'ana basi.

Masanza aja ndachotsa, ndawafunditsa bulangete langa. Koma pompano andiitana, "Mwanawe, kambaula kaja sundibweretsera lero?"

Ndawayankha kuti makala atha. Sindikudziwa ndiwauza bwanji kuti ndine amene...