Unandikhazika pa Chidebe cha Penti

Mwana wanga woyamba,

Landira moni. Muli bwanji kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi ana? Ine ndili bwino, kupatula bondo lija. Akundilembera ndi aphunzitsi a khomo loyandikana nalo, ndipo ndawauza kuti asasalaze mawu anga.

Uthenga wako ndaumva. Ukuti ndivale bwino, ndikhale kutsogolo kwa foni, ndiuze anthu ako a pa intaneti kuti umandisamala. Ndakana.

Utabwera ulendo watha unatulutsa mipando yanga ya khushoni, n'kuchotsa makatani ndi wotchi ya bambo ako. Unandikhazika pa chidebe cha penti, n'kundiuza kuti ndisamwetulire. Ine ndinkayesa ukufuna kupenta nyumba. Kani ukujambula kuti dziko lione umphawi umene unakuliramo! Umphawi wake uti? Ndinasoka mayunifomu mpaka maso kuchita chidima, ndipo kusukulu sunapiteko wopanda nsapato.

Unkafuna anthu akuwombere m'manja, lero akutembenukira. Akuti ndiwe bwana wamimba wosiya mayi ake pa chidebe. Mkazi wako wandiuza zonse akulira. Akuti sugona, umadya foni ili m'manja, ukuyankha wotukwana aliyense, mpaka m'chimbudzi. Akuti mtima ukugunda ngati wathamanga, ndipo kuntchito anakuchenjeza utakalipira kasitomala amene anakudula ukuwerenga za pa foni.

Bambo wa imvi, kuwonda chifukwa cha munthu amene chithunzi chake pa intaneti ndi cha mphaka! Ine ndakukalipira moyo wako wonse, sunawondepo.

Bambo ako anagwa ndi kuthamanga kwa magazi ali msinkhu wakowu. Iwo anagwa atagwira chowotcherera zitsulo, akudyetsa ana. Iwe udzagwa utagwira chiyani? Mwamuna ndinaika. Mwana sindikufuna kuika chifukwa cha zopusa ngati zimenezi.

Pita kuchipatala akakupime. Ukatero foniyo umupatse mkazi wako, ubwere kuno manja ali lende, udzagone mpaka tulo tikukwane. Ngati ukufuna kumva kuti ndiwe mwana wabwino, udzamva pakamwa panga, chitseko chili chotseka. Koma uyambe wakhala wabwinoyo.

Mulungu akusunge, akubwezerenso nzeru. Undipatsire moni adzukulu anga, makamaka mpongozi wanga, amene akupirira zambiri m'nyumbamo.

Ndine,
Mayi ako