Kambale Kaja Unataya Kudzala

Ezekiele,

Ndinakuuza tsiku lomwe unabwera ndi laputopu ya kuntchito kuti chinthu chobwera m'bokosi limodzi ndi makina sichitayidwa. Unandiseka, n'kuponya kambale konyezimira kaja, eti sidi, kudzala. Dzulo wafufuta zonse za m'makinamo n'kuikamo zatsopano, basi akana kutumiza makalata, chikhalirecho lipoti lako likufunika ku Blantyre lero masana.

Utangonyamuka kwabwera Ruth wa kuofesi kwanu, ndiye akundilemberayu. Akuti makinawo aiwala kuyankhula pa waya wa telefoni, ndipo zowakumbutsa, eti madiraiva, zimakhala pa kambale. Ine ndangokoka sutikesi yanga kunsi kwa bedi. Kambale kako ndinakatola tsiku lomwelo, n'kukakulunga m'mpango pamodzi ndi chiphaso changa chovotera. Ruth wakapukuta, wakalowetsa, makina alandira! Wachita kufuula kuti, "Agogo, mwapulumutsa ntchito ya munthu!"

Tapita kuofesi kukalumikiza laputopuyo ku telefoni kuti lipotilo lipite. Pepa tatenga osakufunsa, koma ndanyamula ndekha pamutu, katundu wa eni ake sapatsirana m'njira. Ukafika usatilondole, ndipo usafufutenso kanthu. Utsekere anapiye, kabawi akuzungulira.

A Yasin a pagolosale akuti akuona kupitirira ku Ligowe, thukuta kamukamu, ukukankha njinga yophulika tayala. Ulendo wa ku Mwanza umenewo, kukafuna kambale kamene kagona kunsi kwa bedi langa chaka chathunthu. Madzi othowera mapazi ndakusiyira pamoto.

Ndine agogo ako